NYAMAKAZI YA M'MAONDO NDI M'CIUNO: MMENE MLIMI ANGACEPETSERE ULULU NDI KUGWIRABE KHASU

Mwezi wa Okutobala ukafika, mlimi ali yense ayamba kuyang'ana zipangizo zace. Khasu aliika mpini watsopano, goli alisema, mateyala a ngolo awapopa, ndipo ng'ombe zokoka azipatsa mapesi kuti zikhale ndi mphamvu mvula yoyamba ikagwa. Koma pali cipangizo cimodzi cimene alimi ambiri saciganizira, ngakhale kuti ndico cisenza zina zonse, ndico maondo ndi ciuno ca mlimi mwini. Citsime cidziwika kuya cikaphwa.

M'midzi yambiri ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi muli amuna ndi akazi amene mbeu ali nayo, fataleza ali naye, munda ulipo, koma mizere ikhala yosatha cifukwa bondo lakana. Munda wocedwa kubzala ndiwo nkhokwe yopanda kanthu m'mwezi wa Febuluwale. Cifukwa cace nkhani ya nyamakazi iyenera kukhala pa tsamba la malimidwe pamodzi ndi nkhani za mbeu ndi ziweto.

NTHENDA IMENEYI N'CIANI?

Mau akuti nyamakazi anthu amawanena pa zowawa zambiri zosiyana. Pano panenedwa mtundu umodzi, umene uposa mitundu yonse kucuruka, umene madotolo amaucha osteoarthritis.

Munthu amene anasendapo mbuzi kapena nkhuku adziwa kuti ku mapeto a fupa, pamene likomana ndi linzace, kuli cikuto coyera, cosalala ndi coterera. Pa mfundo pomwepo pali timadzi tonanda pang'ono, timene ticita nchito yonga ya girizi pa gudumu la ngolo. Thupi la munthu liri cimodzimodzi. Cikuto cija ciri bwino, mafupa atsetsereka popanda munthu kumva kanthu. Koma mwa wodwala nyamakazi cikutoco cipyapyala ndi kung'aluka, fupa la pansi pace liuma ndi kumera timphuno m'mbali, nthawi zina mfundo idzala madzi ndi kutupa, ndipo minofu yogwira mfundoyo ifooka. Thupi liyesa kukonza malowo, koma kukonza kwace kucepa poyerekeza ndi kuonongeka kwace.

Zizindikilo zace ndi izi. Ululu ubwera pogwira nchito, poyenda ulendo kapena pokwera citunda, ndipo uceperako munthu akapumula. M'mawa podzuka mfundo ziuma, koma zimasuka mphindi 30 zisanathe. Munthu akakhala pansi nthawi yaitali, monga pa maliro, pa msonkhano kapena m'basi, avutika kunyamuka. Bondo lilira khekhekhe polipinda. Patapita zaka miyendo ya ena ikhota ngati ya matewe. Nyamakazi ya m'ciuno kawiri kawiri imveka m'mphecepece ndi m'nchafu, ndipo nthawi zina itsikira ku bondo, kotero kuti munthu adandaula bondo pamene nthenda iri m'ciuno. Ku manja imeretsa timfundo tolimba pa zala ndi pa tsinde la cala cacikuru.

Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linawerengera kuti m'caka ca 2019 anthu mamiliyoni 528 anali ndi nthendayi, ndipo mwa iwo mamiliyoni 365 inawagwira m'maondo. Pa odwala 100 ali onse, 73 anali opitirira zaka 55, ndipo 60 anali akazi.

CIYAMBITSA N'CIANI?

Coyamba ndi msinkhu. Nthendayi icuruka munthu akapitirira zaka 45, ndipo kwa akazi makamaka akasiya kusamba. Caciwiri ndi kunenepa kopitirira. Cacitatu ndi ngozi yakale: bondo limene linabinya pa mpira, pakugwa pa njinga kapena pakupondedwa ndi ng'ombe lingakhale cete zaka 10 kapena 20, kenaka n'kuyamba kuwawa. Cacinai ndi mtundu, pakuti m'mabanja ena iyenda kucokera kwa makolo. Cacisanu ndi nchito ya kugwada, kunyonyomala ndi kunyamula zolemera zaka zambiri. Ku Britain madotolo anapeza kuti alimi adwala nyamakazi ya m'ciuno kuposa anthu a nchito zina, ndipo m'caka ca 2005 Boma la kumeneko linaiwerengera pa nthenda zobwera ndi nchito kwa munthu amene walima zaka 10 kapena kuposapo.

Nthendayi sipatsirana. Sibwera ndi kuponda mankhwala pa njira kapena m'munda, ndipo kuloza cala mbale kapena mnansi kungopasula mudzi, bondo liri kuwawabe. Ambiri amva ululu woposa m'miyezi ya Juni ndi Julai, koma mphepo siyambitsa nyamakazi. Ingodzutsa imene iripo kale.

Coonadi ciyenera kunenedwa poyera: kufikira lero palibe mankhwala, acizungu kapena acikuda, amene abwezera cikuto ca fupa cikatha. Koma palinso coonadi cina cotonthoza mtima. Nthendayi simangokulirakulira mwa munthu ali yense. Ambiri akhala zaka zambiri cimodzimodzi, masabata ena owawa, ena abwino, ndipo amene asamala maondo ao alimabe kufikira ukalamba.

ZIZINDIKILO ZOFUNA CIPATALA MSANGA

Si kuwawa konse kwa mfundo kumene kuli nyamakazi ya mtundu umenewu. Munthu asayambe kudzisamalira pakhomo asanaonedwe ndi a cipatala, makamaka akaona izi:

1. Mfundo yatupa mwadzidzidzi, yatentha, ndipo thupi lonse liri ndi malungo. Umenewu ungakhale mafinya m'kati, ndipo aononga mfundo m'masiku owerengeka. Wodwala apite tsiku lomwelo.

2. Munthu wagwa, ndipo mwendo ukana kuponda pansi. Mwa okalamba fupa la m'ciuno lithyoka ngakhale ndi kugwa kwakung'ono.

3. Mfundo zambiri zatupa mbali zonse ziwiri, makamaka za m'manja, ndipo kuuma kwa m'mawa kukhala ola lathunthu kapena kuposa. Imeneyi ndi nyamakazi ya mtundu wina, imene iri ndi mankhwala ace ace, ndipo afunika kuyambidwa msanga mfundo zisanapunduke.

4. Ululu wa msana kapena ciuno susiya ngakhale usiku, munthu aonda, acita thukuta pogona kapena akhosomola masabata ambiri. Cifuwa cacikuru cimalowanso m'mafupa, ndipo cimacira ndi mankhwala.

5. Miyendo icita dzanzi ndi kufooka, kapena munthu alephera kugwira mkodzo.

Zizindikilo zimenezi zikapanda kuoneka, dotolo kawiri kawiri aidziwa nthendayi pakufunsa ndi kugwira bondo cabe. Wodwala asakhumudwe akapanda kujambulidwa mafupa, pakuti cithunzi ca X-ray sicinena kukula kwa ululu. Ena cithunzi cao cioneka coipa koma ayenda bwino. Ena cioneka cabwino koma amva kuwawa kwambiri.

MANKHWALA OYAMBA NDIWO KUYENDETSA MFUNDO

Ambiri aganiza kuti bondo lowawa lifuna kugonekedwa. Kumeneko ndiko kulakwa kwakukuru. Cikuto ca fupa ciribe mitsempha ya magazi. Cakudya cace cicipeza m'timadzi tija, timene tilowa ndi kuturuka pamene mfundo ipindika ndi kuongoka. Ndiponso minofu ya m'nchafu ndiyo igwira bondo monga micirikizo igwira nkhokwe. Munthu akagona masabata awiri kapena atatu minofuyo iphwa, katundu yense atsamira pa fupa, ululu ukula, ndipo munthu aopanso kuyenda. Cifukwa cace bungwe la NICE, limene lilangiza madotolo a ku England, m'malangizo ace a caka ca 2022 linaika kulimbitsa thupi patsogolo pa mapiritsi onse.

Wina anganene kuti, Nanga mlimi amene agwira khasu tsiku lonse afunanso kulimbitsa thupi? Inde afuna. Kulima kutopetsa mfundo pa mbali imodzimodzi, munthu ali ciweramire, koma sikulimbitsa minofu yonse yofunika. Nazi njira zinai zosafuna ndalama:

Yoyamba. Akhale pa mpando, aongole mwendo umodzi kufikira utalingana ndi mpando, awerenge kufikira 5, autsitse pang'ono pang'ono. Acite ka 10 mwendo uli wonse.

Yaciwiri. Agone cagada pa mphasa, bondo limodzi lopinda, lina loongoka. Akweze mwendo woongokawo msinkhu wa cikhato cimodzi kapena ziwiri, awerenge kufikira 5, autsitse. Acitenso ka 10 uku ndi uku.

Yacitatu. Aimirire kucoka pa mpando ndi kukhalanso mosafulumira, osagwira ndi manja ngati angathe. Ayambe ndi ka 5, naonjeze masabata ali kupita.

Yacinai. Ayende pa malo osalala mphindi 10, ndi kuonjeza pang'ono pang'ono kufikira mphindi 30 masiku ambiri a pa sabata. Njinga njabwino koposa, pakuti iyendetsa bondo popanda kulisenzetsa thupi lonse. Cishalo cikwezedwe kuti mwendo uziongoka bwino popalasa.

Zitatu zoyambazo acite m'mawa ndi madzulo. Masiku oyamba ululu ungaonjezeke pang'ono, ndipo zimenezo sizionetsa kuti bondo laonongeka. Koma ukapitirira maola awiri atamaliza, kapena bondo likatupa m'mawa mwace, ndiye kuti wacita zambiri, acepetseko, asaleke. Phindu lioneka patapita mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo litha munthu akasiya, monga munda ubwerera ku chire mwini akaleka kupalira. Ku zipatala zazikuru, monga ca St Francis ku Katete ndi ca Chipata Central, kuli anthu ophunzira nchito ya kulimbitsa ziwalo, amene aonetsa wodwala njira zoyenera thupi lace.

KULEMERA KWA THUPI

Madotolo a ku America anayesa m'caka ca 2005, napeza kuti munthu wonenepa akatsitsa kilo imodzi ya thupi lace, bondo lipepukidwa makilo ngati 4 pa phazi liri lonse limene aponda. Munthu wa makilo 80 amene anenepa kopitirira, akatsitsa makilo 4 ayamba kumva kusintha, ndipo akatsitsa 8 apindula koposa. Sikelo iripo pa kiliniki iri yonse.

Njira yace si kudzipha ndi njala iai. Acepetse mitanda ya nsima, makamaka ya madzulo, nacurukitse ndiwo za masamba monga cibwabwa, bonongwe, kalembula, repu ndi therere, pamodzi ndi nyemba, kapenta ndi mazira. Acepetse shuga wa m'tiyi, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, vitumbuwa, mafuta ophikira ndi mowa. Koma langizo limeneli nla onenepa okha. Nkhalamba yoonda kale isacepetse cakudya. Iyo ifuna nyemba, nshawa, mkaka ndi nsomba kuti minofu isaphwe. Ndipo munthu amene aonda yekha osadziwa cifukwa apite kukapimidwa.

KUKONZA NCHITO YA KUMUNDA

Mlimi wanzeru sathyola ng'ombe yace tsiku limodzi, ndipo asathyolenso maondo ace. Colakwa ca odwala ambiri ndi ici: tsiku limene ululu wacepa agwira nchito ya masiku atatu, kenaka agona masiku anai. Kuli bwino kugwira mphindi 30 kapena 40, kuongoka ndi kupumula mphindi 5, ululu usanakule. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Nchito yokonza munda isadikire Novembala. Alimi amene atsata ulimi wa maenje ayamba kukumba atangokolola, m'mwezi wa Meyi kapena Juni, dothi lisanaumitsitse, mizere yowerengeka tsiku liri lonse. Ndipo popeza maenje akhala pa malo omwewo caka ndi caka, nchito ipepuka m'zaka zotsatira. Amene ali ndi ng'ombe, kapena angathe kubwereka, afunse alangizi a malimidwe za khasu long'amba mizere lochedwa Magoye ripper, limene lisiya dothi la pakati pa mizere losatembenuza. Alangizi omwewo ndiwo aphunzitsa kagwiritsidwe koyenera ka mankhwala opha udzu, amene acepetsa kuwerama kwa pa nthawi yopalira.

Mpini wa khasu ukhale wautali wolingana ndi msinkhu wa mwini, kuti asaweramitse, ndipo khasu likhale lonola. Kwa amene zala ziwawa, mpini wokulungidwa ndi mphira ya cubu cakale ugwirika mosavuta. Ku dimba, pobzala ndi pozulira, akhale pa kampando m'malo mwa kunyonyomala, ndipo pogwada ayale thumba lopinda.

Thumba la cimanga kapena la fataleza lilemera makilo 50. Wodwala maondo asalinyamule yekha. Aligawe pawiri, kapena alikweze pa wilibala, pa njinga kapena pa ngolo. Cigubu ca malita 20 cilemera makilo 20, ndipo mai amene acisenza kanai pa tsiku wasenza makilo 80 kucokera ku citsime. Njinga imene ipita ku msika ingathenso kupita ku citsime. Cimanga cipite ku cigayo m'malo mwa mtondo pamene ndalama ilola.

Nchito zisinthanitsidwe: yoimirira itsatane ndi yokhala pansi. Kutonola cimanga, kusenda nshawa, kusankha fodya, kusunga nkhuku ndi kuluka nkhokwe ndi nchito zazikuru zimene munthu wa maondo owawa azigwira bwino lomwe.

KUKONZA PAKHOMO

Mpando wautali uposa mphasa ndi mpando wa ndalema, pakuti kunyamuka pansi ndiko kupweteka bondo koposa. Bedi, ngakhale la mitengo, lithandiza cimodzimodzi. Mafuwa akwezedwe pa ciunda ca njerwa kapena ca dothi kuti mai aphike ali khale pa mpando. M'cimbudzi muzikidwe mtengo wolimba wogwirira, kapena mumangidwe pokhalira pokwera. Cimeneci ndi cinthu cacing'ono, koma cisunga ulemu wa nkhalamba zambiri. Njira ya ku cimbudzi ikhale yosalala, yopanda zitsa, ndipo usiku pakhale nyali kapena tochi.

Ndodo si camanyazi. Igwidwe ku dzanja la mbali yabwino: bondo lowawa likakhala la kumanja, ndodo ikhale ku dzanja lamanzere, ndipo iponde pamodzi ndi mwendo wodwalawo. Utali wace ufike pa mfundo ya dzanja munthu ataima ciriri manja ali pansi. Ku nsonga kwace kuikidwe mphira kuti isaterere. Pokwera citunda kapena masitepe utsogole mwendo wabwino. Potsika utsogole wodwala. Nsapato zikhale zafulati, za pansi pofewa, zogwira phazi bwino.

Nsaru yoviika m'madzi ofunda, yoikidwa pa bondo mphindi 15 kapena 20, imasula mfundo m'mawa ndi potsiriza nchito. Madzi ayesedwe ndi cigongono, pakuti khungu la okalamba ndi la odwala shuga lipsa msanga. Bondo likatupa citatha nchito, nsaru ya madzi ozizira ndi kukweza mwendo zithandiza koposa.

MANKHWALA A KU CIPATALA

Mapiritsi sacotsa nthenda. Nchito yao ndi kucepetsa ululu kuti munthu ayende, agone tulo, ndi kulimbitsa minofu yace.

Pa bondo ndi pa zala, oyamba kuyesedwa ndi mankhwala opaka a diclofenac kapena ibuprofen. Alowa pang'ono cabe m'magazi, motero savuta m'mimba monga akumwa. Asapakidwe pa bala kapena pa mphini, ndipo wopaka asambe m'manja.

Panado athandiza ena pang'ono, makamaka masiku oipa. Munthu wamkuru amwa mapiritsi 2 a mamiligalamu 500, napumira maola 4 kufikira 6, ndipo asapitirire mapiritsi 8 usana ndi usiku. Woonda kwambiri, wodwala ciwindi ndi wakumwa mowa wambiri ayenera kumwa ocepera pamenepo, monga anganene a cipatala. Mankhwala ambiri a cimfine ali ndi Panado m'kati, ndipo kuwaphatikiza kuononga ciwindi mwakacetecete.

Brufen ndi diclofenac akumwa ali ndi mphamvu yoposa, komanso ngozi yao njoposa. Angaboole zironda m'mimba, kuononga impso, ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Amwedwe munthu atadya, pa muyeso wocepa umene uthandiza, masiku owerengeka, osati miyezi yathunthu. Mitundu iwiri isamwedwe pamodzi, kapena kuphatikiza ndi asipirini popanda mau a dotolo. Kumwa mapiritsi amenewa m'mimba muli zii, ndi kukalima pa dzuwa la Okutobala popanda madzi akumwa, ndiko kuika impso pa moto. Okalamba, amai apakati, odwala mtima, impso, shuga, mphumu, zironda za m'mimba kapena kuthamanga kwa magazi, ndi akumwa ma ARV, asawayambe asanafunse ku kiliniki. Munthu akaona cimbudzi cakuda ngati phula, akasanza magazi, kapena mapazi akatupa, aleke pomwepo ndi kuthamangira ku cipatala.

Jekeseni wobaya m'kati mwa bondo aziziritsa ululu masabata 2 kufikira 10, ndipo athandiza munthu kuyambanso kulimbitsa mwendo. Abayidwa ndi dotolo yekha, ku cipatala, ndipo sabwerezedwa kawiri kawiri. Mankhwala aukali monga tramadol si oyenera nthenda ya zaka zambiri ngati imeneyi: acititsa cizungulire, agwetsa okalamba, ndipo thupi liwazolowera kufikira munthu sangathe kukhala popanda iwo.

CENJEZO PA ZA M'MISIKA NDI MPHINI

Pamene pali nthenda yosacira, ogulitsa ciyembekezo acuruka. Mapiritsi ogulitsidwa pa msika ndi m'mabasi, opanda dzina kapena a m'timapepala, ena ali ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa prednisolone kapena dexamethasone. Masiku oyamba munthu amva ngati wacira, koma patapita miyezi nkhope itupa, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zikwera, ndipo mafupa afumbwa. Amene wawamwa nthawi yaitali asawasiye mwadzidzidzi. Atenge paketi yace ndi kukaionetsa ku cipatala kuti amcepetsere mwa dongosolo. Bungwe la Boma la ZAMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la caka ca 2013, ndilo lipereka cilolezo kwa ogulitsa mankhwala, ndipo mlimi agule m'sitolo za cilolezo zokha. Mabotolo odula a glucosamine, amene anenedwa kuti ameretsa mafupa, madotolo atawayesa sanapeze umboni wokwanira wakuti athandiza. Mbuzi isagulitsidwe cifukwa ca iwo.

Kutema mphini pa bondo sikufika pamene pali nthenda, koma kutsegula khomo la mafinya ndi kafumbata, ndipo lezala limodzi lotemera anthu ambiri lifalitsa HIV ndi nthenda ya ciwindi. Amene amwa mankhwala a zitsamba anene poyera ku cipatala, pakuti ena alimbana ndi mapiritsi ndi kulemetsa impso.

OPARESHONI

Kwa owerengeka nthendayi ifika pakuti tulo sabwera, munthu sangafike ngakhale ku citsime, ndipo njira zonse zalephera. Pamenepo madotolo angathe kucotsa mfundo yakutha ndi kuika ya citsulo ndi pulasitiki. Dotolo John Charnley wa ku England ndiye anakonza njira ya makono ya kusintha mfundo ya m'ciuno m'caka ca 1962, pa cipatala ca Wrightington. Mfundo zoikidwazo zambiri zikhala zaka 15 ndi kupitirira. Opareshoni imeneyi njodula, ndipo icitika m'zipatala zazikuru zokha, monga za ku Lusaka. Njira yace iyambira pa kiliniki ya pafupi, imene ilembera wodwala kalata ya ku cipatala ca pa boma. Boma linacotsa malipiro m'makiliniki a kumidzi m'caka ca 2006, ndipo palibe cifukwa cakuti munthu akhale zaka ali kubuula m'nyumba osapimidwa.

UDINDO WA BANJA NDI MUDZI

Ululu wa zaka zambiri ulemetsa mtima. Munthu amene anali kudzaza nkhokwe ziwiri, akaona kuti atsalira pa mzere, ayamba kudziyesa katundu, aleka kuceza, asowa tulo. Ndipo nkhawa ndi kusowa tulo zikuza ululu womwewo. Nyamakazi sioneka ngati bala, cifukwa cace ena anenedwa ulesi pamene ali kupirira zazikuru. Makamaka amai, amene ndiwo ambiri pa odwala, abwera ku munda n'kupezanso mtondo, nkhuni ndi citsime ziri kuwadikira.

Mutu umodzi susenza denga. Bambo ndi ana agawane nchito ya madzi ndi nkhuni. Anyamata azike mtengo m'cimbudzi ca agogo ao, ndi kuwasemera ndodo ndi mpando mvula isanagwe. Koma banja lisawalande nchito zonse ndi kuwakhazika pa khonde tsiku lonse, pakuti cifundo cotere cifooketsa miyendo ndi mtima womwe. Mafumu, makalabu a alimi ndi mipingo akumbukire minda ya okalamba pa nthawi yobzala ndi yopalira, monga makolo anali kucitira pa dima.

Tsono mlimi wa maondo owawa asadikire mitambo. Sabata lino apite ku kiliniki kukapimidwa ndi kukwera pa sikelo. Mawa m'mawa ayambe kuongola miyendo pa mpando. Ndipo mizere ya caka cino aiyambe msanga, yowerengeka tsiku liri lonse, kuti mvula yobzalira ikampeze munda uli wokonzeka ndi maondo ali ndi mphamvu ya kupalira.